Misampha itatu ya achimwene

Masewerawo tinabwera nawo kuchokera ku Malawi, pamodzi ndi mapoto, makasu ndi chizolowezi chonena kuti sukulu pamene anzathu otsala kuno ankati shikola. Anawayambitsa mphunzitsi wina mu kampu ya othawa nkhondo. Iyeyo anali ndi buku losonyeza dzuwa ndi maiko olizungulira, ndipo atatopa kuliwerenga analisandutsa masewera. Tinkasewera pa katoni yaikulu yojambulidwa ndi makala. Zombo zathu zinali timiyala.

Malamulo anali achidule, ndipo wowasunga ndinali ine, chifukwa ndinawaphunzira kwa mwini wake. Munthu watsopano asanasewere, ankamanga kaye nyenyezi yake pa ngodya ya katoni: dzuwa pakati, maiko osapitirira anayi, ndi njira zolowera. Ankapatsidwa nyemba khumi zoti agawire madzi, chakudya ndi chitsulo. Dziko lopanda madzi silisunga anthu, lopanda chitsulo silipanga zombo. Pomaliza ankalandira zitsekerero za mabotolo zoika m'njira zake. Zitatu mwa izo zinali zopakidwa utoto wofiira mkati. Imeneyo inali misampha. Tonse tinkaziika chovundikira, ndipo chombo cha mdani chikaponda pa chofiira, chinkatha.

Achimwene anga sanali nafe ku Malawi. Anagwidwa kumunda ndi anthu a mfuti, ife n'kuthawa popanda iwo. Mtendere utabwera anatipeza ku Chiuta, atanyamula khasu, ndowa ndi mbewu zimene asilikali otula zida ankapatsidwa. Amalume anawasambitsa mankhwala, anatentha zovala zawo, ndipo analamula kuti za kutchire zisafunsidwenso. Sitinafunse. Koma chikwama cha achimwene chinakhala chomangamanga kuseri kwa chitseko. Anauza amayi kuti anthu akawayang'ana ndi diso loipa, adzakwera sitima ya ku Cuamba osabweranso. Amayi m'mawa uliwonse ankayamba asuzumira kuseri kwa chitsekocho asanasese.

Ine ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene amayi sankadziwa. Njira yakale ya kunyanja inali yotsekedwa ndi miyala yopakidwa zofiira, chizindikiro cha mabomba okwirira, amene kwathu timati mina. Tsiku lina tikudutsa chapatali, achimwene anaima n'kunena motsitsa mawu kuti, "Miyalayi aiika pafupi. Ikanafika pa mtengo wa mango uwo." Kenako anapitiriza ulendo. Sindinawafunse kuti adziwa bwanji.

Katoni tinkaisunga pa baraka, kasitolo ka mkulu wina wa kunyanja, amene ankagulitsa tiyi, sopo ndi nsomba zouma. Kale ankanyamula nsomba pa njinga. Mwendo wake wamanzere unatsala pa njira yomwe ija, pafupi ndi mango omwe aja. Pa masewerawa panalibe womuposa. Ndiye tsiku limene anandiuza kuti, "Mawa ubwere nawo achimwene ako, asamangokhala m'nyumba ngati mkwatibwi," sindinadziwe ngati ankaitana mnzake wosewera naye kapena munthu woti amuone bwino kumaso.

Amayi anakondwa. Achimwene anavomera ndi mutu.

Tinafika dzuwa litapendeka, mwini baraka atangomaliza pemphero la swala. Panali asodzi awiri ndi mnzanga wa mu kampu. Mwini baraka anawapatsa achimwene mpando, ine n'kufotokoza malamulo mwachangu kuposa masiku onse. Iwo anatenga khala n'kujambula dzuwa laling'ono, maiko atatu, ndi njira ziwiri zokha. Nyemba zambiri anaziunjika pa madzi, chitsulo n'kuchipatsa imodzi.

"Akulu, mukumanga dziko kapena mukuweta achule?" anafunsa msodzi wina.

"Ludzu simulidziwa inu a kunyanja," anayankha achimwene. Anthu anaseka. Aka kanali koyamba kuwamva akuyankha nthabwala chibwerereni.

Zitsekerero zinali m'thumba langa la malaya. Ndinazisiya momwemo n'kunena kuti nyenyezi yatha, tiyambe.

"Iwe woweruza," anatero mwini baraka, akundiloza ndi ndodo yake, "misampha wadya? Apatse. Ine sindimenya munthu wopanda mpanda."

Ndinazitulutsa. Utoto unandidetsa chala. Ndinkaopa zinthu ziwiri. Akaziika mwaluso, pamphambano ndi pamalo opumira, aliyense aona kuti ntchitoyi anaigwirapo. Akadzuka n'kuchoka, aliyense aonanso chimodzimodzi. Njira zonse ziwiri zinkathera pa sitima ya ku Cuamba.

Achimwene anazitembenuza m'dzanja kwa nthawi yaitali. Zopanda utoto anandibwezera. Zofiira zitatu anaziika m'mbali mwa njira, chagada, utoto ukuonekera kwa aliyense. Kenako anatenga khala n'kuzunguliza mzere pa chilichonse.

"Ayi, ayi, amavundikira," anatero mnzanga wa mu kampu. "Mukatero ndiye msampha wanji? Woweruza, auze."

Onse anandiyang'ana. Ndinafufuza m'mutu mawu a mphunzitsi uja. Iye ankati misampha ndi itatu ndipo imakhala panjira. Zovundikira tinkangochita tokha, chifukwa aliyense ankafuna kupambana.

"Lamulo silikakamiza," ndinatero.

Mwini baraka sanayang'ane ine. Anayang'ana achimwene. "Bwanji simukubisa, akulu?"

"Ikavundikirika, ngakhale woika amaiwala ina," anatero achimwene, maso ali pa katoni.

Palibe anaseka. Msodzi mmodzi anayamba kukanda bondo. Ketulo inkawira kuseri, osapezeka woiphula. Ine ndinkayang'ana ndodo ya mwini baraka, imene inali itatsamira pa benchi pafupi ndi dzanja lake, ndipo ndinkayeza mtunda wa pakati pa ndodoyo ndi mutu wa achimwene.

Mwini barakayo anatambasula dzanja, koma anatola kamwala.

"Chabwino," anatero. "Ndikubwera."

Masewerawo sanatenge nthawi. Zombo zake zinalambalala mizere itatu ija mosavuta, n'kulanda dziko loyamba, kenako lachiwiri. Achimwene, ndi nyemba imodzi ya chitsulo, anali ndi chombo chimodzi, chimene chinathawira kuseri kwa dzuwa mpaka kugwidwa. Asodzi anayambanso kulankhula, wina n'kunena kuti achule onse alowa m'manja mwa adani.

Mwini baraka anasonkhanitsa timiyala take. "Kusewera simudziwa," anatero. "Mawa mubwerenso, chitsulo muike zitatu. Nyenyeziyi sitifufuta, ngodya iyi ndi yanu." Anaphula ketulo, n'kuthira tiyi m'makapu, ndipo ali chotipatsa msana anawonjezera kuti, "Anyamata ochotsa mina, opaka miyala aja, akubweranso. Tiyi amamwera pano. Amafunsa aliyense wodziwa malo a mina."

"Ndamva," anatero achimwene.

Pobwerera ndinkayenda kumbuyo kwa achimwene, osadziwa ngati "ndamva" ameneyo anali wa munthu wotsala kapena wotsanzika. Titafika analowa m'nyumba n'kukoka chikwama kuseri kwa chitseko. Amayi anasiya lichero n'kuimirira. Achimwene anamasula chingwe, anatulutsa malaya awo abwino, anawanunkhiza, n'kufunsa ngati sopo alipo.

Sopo analipo. Malayawo anauma pa mpanda m'mawa mwake, ndipo madzulo achimwene ananditsogolera ku baraka. Chitsulo anaika zitatu, monga anawauzira. Misampha anaiikanso chagada, ndipo anagonjanso.