Adadi Ankafika Sikisi Koloko

Mphepo ikamachokera cha kutawuni, Dennistoun yense, dera lathu mu Glasgow, ankanunkhira chimera. Kumunsi kwa Duke Street, pafupi ndi manda akale a paphiri paja, kuli fakitale ya mowa, ndipo masiku amene ankaphika fungo lake linkakwera misewu, kulowa pamasitepe a mdadada wathu, mpaka kudzatipeza m'nyumba yathu ya pamwamba. Adadi ankatsegula zenera dala. Ankati ndi fungo lenileni la thobwa lili pamoto kwawo ku Ntcheu, ndipo ankaima pomwepo akulikoka mpaka amayi atadandaula za kuzizira. Mpaka lero ndikalimva fungo limenelo mu Seputembala ndimaima kaye, chifukwa ndi m'mwezi umenewo, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, pamene adadi anayamba kubwera kunyumba atamwalira kale.

Adadi anali injiniya wa milatho, munthu wanzeru zake, koma anali ndi nthenda imodzi imene anaitenga ali pasukulu ku America: mpira wa kumeneko. Mu Glasgow, mzinda woti anthu amadana pachibale chifukwa cha mpira wamiyendo, iwo ankachemerera anthu ovala zisoti, otukumuka mapewa, olimbirana mpira wooneka ngati papaya. Dzina la timu yawo sinditchula, yandichititsa manyazi mokwanira. Inali timu yodziwa kuluza mwa njira iliyonse imene Mulungu analenga. Komabe Seputembala akamayandikira adadi ankayamba kuyenda mwamatama m'nyumba, kufotokozera aliyense za osewera atsopano, kenaka n'kudandaula za bondo la wosewera wina wokalamba ngati ndi la m'bale wawo. "Chaka chino ndi chathu," ankatero. Amayi, amene sanamvetsepo mpira woimaima ngati minibasi, ankayankha kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Adadi ankangoseka n'kunena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Masewero ankayamba Lamulungu sikisi koloko madzulo. Adadi ankakhala pampando wawo wansalu yobiriwira pafupi ndi zenera, kapu ya tiyi pansi, mbale ya mtedza pamwendo, ine nditakhala pakapeti nditatsamira miyendo yawo. Anandiphunzitsa zonse: kuti timu imapatsidwa mipata inayi yoti isunthire mpirawo patsogolo, kuti woyimbira akaponya kansalu kachikasu ndiye kuti wina walakwa, ndiponso kuti wolakwayo nthawi zambiri amakhala wathu. Iwo ankandilankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chingerezi cha ana a ku Glasgow, ndipo tinkamvana bwinobwino.

Anayamba kudwala nyengo yozizira ya kuno, n'kumwalira mu Juni. Thupi lawo analikweza ndege kupita ku Ntcheu, amayi n'kupita nalo. Ine anati ndine wamng'ono, ndipo ananditula kwa banja lina la kutchalitchi ku Shawlands. Choncho sindinaone bokosi likutsika, sindinaponye dothi, sindinaone chilichonse. Kwa ine adadi anangolowa m'chipatala n'kusatulukamo. Amayi atabwera, zovala za adadi zinali zitapita kukagawidwa kwa abale monga mwa mwambo, nsapato ndi jekete lomwe. Munatsala mpando wobiriwira uja, umene palibe ankaukhala, ndi bata. Amayi anachepetsa zolankhula. Lamulungu tikabwera kutchalitchi ankadzitsekera m'khitchini kuphika ndiwo za sabata yonse, ine n'kumaonera makatuni pabalaza.

Ndiye linafika Lamulungu loyamba la masewero, limene ine ndinali nditaliiwala. Kunja kunkawaza kamvula, magalasi a zenera atachita nthunzi, fungo la chimera litadzaza nyumba. Ndinali chigonere pakapeti, rimoti ili patebulo kutali ndi ine. Mwadzidzidzi kanyali kofiira ka pakabokosi kamene kanali pansi pa TV kanayaka, makatuni anazimiririka, ndipo pagalasi panabwera bwalo lobiriwira la mizere yoyera. Phokoso la anthu ochemerera linadzaza pabalaza. Ndinayang'ana rimoti, inali pomwe paja. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, inali sikisi koloko ndendende. Kumbuyo kwanga kunali mpando uja, ndipo sindinalimbe mtima kucheuka. Kenaka ndinakhwekhwereza thupi pang'onopang'ono cham'mbuyo mpaka msana wanga unagunda mpandowo. Unali wozizira, koma ndinautsamirabe. Tinaluza tsiku limenelo.

Sindinauze munthu. Sabata yotsatira zinachitikanso, ndi inayo, ndipo mantha anga anasanduka ntchito. Isanakwane nthawi ndinkaika mtedza m'mbale pa mkono wa mpando, n'kutsitsa mawu a TV kuti amayi asamve. Ndinkawanong'oneza adadi mmene zinthu zikuyendera, osacheuka, poti ndinkakhulupirira kuti ndikacheuka achoka. Nkhawa zawo zonse zinasamukira mwa ine. Bondo la wosewera wokalamba uja linkandisowetsa mtendere m'kalasi. Mnyamata watsopano woponya mpira, amene adadi anamutamanda ali gone m'chipatala, ankaponyera adani ngati akuwagawira mphatso, ndipo ndinkamupempherera pamodzi ndi odwala. Ndinkaganiza kuti ulendo wochokera kwa akufa ndi wautali, ndipo munthu sangapitirize kuuyenda kudzangoonera timu yake ikukwapulidwa. Tikaluza ndinkagona ndi chisoni, ndikuopa kuti Lamulungu linalo kanyali kaja sikadzayaka.

Koma amene ndinkawaopa koposa anali azakhali a Esinati, mlongo wawo wa adadi, amene ankakhala ku Easterhouse. Anali mayi wabwino mtima, wobwera ndi mandasi m'chikwama, koma wokonda nkhondo ndi mizimu. Ketulo ikalira mwachilendo ankaidzudzula m'dzina la Yesu. Anali atanena kale kangapo kuti mpando wa malemu suyenera kukhala m'nyumba, umaitana zinthu. Ndinkadziwa kuti akangoona zimene zinkachitika pabalaza pathu abwera ndi gulu la kutchalitchi kwawo, mafuta ndi matambolini, ndipo adadi, amene sankakonda phokoso la mtundu umenewo ali moyo, sadzapondanso pakhomo pathu. Mwayi wanga unali woti azakhali akabwera Lamulungu ankanyamuka hafu pasiti faifi kuthamangira basi. Ndinkawanyamulira chikwama mpaka pamasitepe mwaulemu woti iwo ankauyamikira.

Chimene chinandigwetsa ndi mawotchi. Kumapeto kwa Okutobala dziko lino limabweza nthawi ndi ola limodzi, pamene ku America amachedwerako sabata yathunthu. Adadi ankazidziwa zimenezi, ine ayi. Lamulungu limenelo mdima unagwa msanga, nyali za mumsewu zitayaka masana asanathe bwino. Azakhali anali pasofa atavula nsapato, akumwa tiyi, akuonera pulogalamu ya nyimbo zauzimu. Ine mtima unali m'malo, poti inali faifi koloko chabe. Kanyali kofiira kanayaka. Kwaya inadukira pakati pa nyimbo, ndipo anthu a zisoti analowa pabalaza pathu akuthamanga.

Azakhali anayang'ana rimoti imene inali pamwamba pa Baibulo lawo, kenaka anayang'ana mpando, pomwe mbale yanga ya mtedza inali itakhala kale.

"Mwazi wa Yesu! Alamu! Alamu, tabwerani mudzaone!"

Anadzuka osavala nsapato kulunjika kukhoma kumene kunali pulagi. Sindikudziwa mmene ndinafikira kumeneko, koma ndinapezeka nditagwada patsogolo pa pulagiyo, manja onse nditaphimba, ndikukuwa. Chichewa changa chinali chothyokathyoka masiku amenewo, koma chinatuluka chokha. "Musawathamangitse! Chonde azakhali, sakulakwa kanthu, akungoonera mpira!"

Amayi anali ataima pakhomo la khitchini, mpeni wa anyezi uli m'manja. Sanaoneke odabwa ngakhale pang'ono.

"Alamu, isiyeni," anatero motsitsa. "Si mzimu. Ndi achimwene anu anaitchera okha asanapite."

"Ndiye mumadziwa? Mwana akuikira malemu chakudya, inu muli chete?"

"Ndimamva sabata iliyonse. Chitseko ndimachisiya chotsekula pang'ono." Anaika mpeni uja pashelefu n'kupukuta manja pachitenje. "Nyumba ino imamveka ngati muli anthu. Iwe mwana wanga, kweza mawuwo, wakhala ukundimana."

Azakhali anachoka kupulagi kuja. Anakhala pansi, ndipo ndinaona kuti akulira, osati kulira kwa m'mapemphero kumene ndinkakudziwa, koma kwa munthu amene wakumbukira mchimwene wake. Amayi anadutsa pabalaza, anachotsa mbale ya mtedza, n'kukhala pampando wobiriwira uja. Mtima wanga unadumpha, poti ndinkaona ngati awakhalira adadi pamiyendo. Koma anangondikoka kuti nditsamire miyendo yawo, imene inali yofunda, yonunkhira anyezi, n'kundifunsa kuti athu ndi ati. Madzulo amenewo azakhali anaphonya basi yawo. Ndinafotokozera azimayi awiri za kansalu kachikasu, ndipo pofika kumapeto azakhali anali akudzudzula woyimbira ndi mawu omwe aja ankadzudzulira ketulo. Tinaluzanso.

Mawu a amayi akuti adadi anaitchera okha sanandisinthe maganizo. Ndinangowamva ngati chinthu chimene akuluakulu amanena kuti alendo asaope. Ndinapitiriza kuika mtedza mpaka masewero anatha mu Januwale, timu yathu ili kumunsi monga mwa masiku onse, ndipo Lamulungu loyamba limene kanyali sikanayake ndinalira maliro amene sindinalire mu Juni.

Nkhani yonse amayi anandiuza nditakula, tikulongedza katundu kuti tisamuke m'nyumba ija. Madokotala anawauza adadi zoona zake za matenda awo mu Januwale, sabata yomwe timu yawo inasewera komaliza. Anawauza kuti nyengo yotentha ya pakati pa chaka mwina aiona, koma za kupitirira apo asawerengere. Lamulungu limenelo masewero atatha, ine nditapita kukasamba, adadi anatenga rimoti n'kuyamba kudinadina, kuuza kabokosi kaja kuti masewerowa akadzayambiranso kadzayatse kokha sabata iliyonse. Amayi anawafunsa kuti akuvutikiranji. Adadi anati munthu sudikira Seputembala kuti usungitse malo, ndipo ndi mnyamata wabwino mmodzi yekha woponya mpira, chaka chimenecho chikhala chathu.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti munthu wakufa ankayenda ulendo wautali kudzakhala nane sikisi koloko. Tsopano ndikudziwa kuti anali munthu wamoyo, wodwala, wamantha, amene anali atauzidwa kuti Seputembala sadzamuona, koma anamukonzekerabe. Sindikudziwa ngati anatchera kabokosiko poyembekezera kudzakhalapo, kapena podziwa kuti ine ndidzakhala ndekha pakapeti paja. Amayi akuti sanawafunse. Mpando uja uli kwanga tsopano, nsalu yake inatha m'mikono, ndipo timu ija sinasinthe khalidwe. Chaka chilichonse masewero akatha mu Januwale ndimatenga rimoti n'kusungitsa malo.