Mwala wa mfumu yopanda oilira

Ine pa malonda sindipusitsika. Kunenerera ndinaphunzirira ku Lizulu, komwe mtengo wa tomato umatsika ukangotembenuka ngati ukuchoka. Choncho Loweruka, nditamva kuti mayi wina wa ku Scotland akugulitsa katundu ku Muthaiga, dera la anthu olemera mumzinda uno wa dziko la eni, poti akubwerera kwawo, ndinathamangirako ngati fisi womva fungo.

Ndinapeza mwala wotalika ngati mkono, wojambulidwa njoka, kalilole ndi chipeso, m'mbali muli timizere ngati mphini. Ndinatchula mtengo wachipongwe, woti kwathu akanandigenda nawo tomato wowola.

"Tengani," anatero mayiwo.

Abale anga, wogulitsa akavomera mtengo woyamba, thawani. Ine sindinathawe.

Anandiuza kuti ndi chifanizo chabe. Mwala weniweni uli kwawo, ndipo akuti unaimikidwa pokumbukira mfumu ina ya Apikiti, mtundu umene unkalamulira kumpoto kwa dzikolo kalekale.

"Nanga timizereti tikuti chiyani?"

"Palibe akudziwa. Chilankhulo chawo chinatha."

"Anaphedwa onse?"

"Ayi. Ana awo anangoyamba kulankhula cha anansi."

Kunyumba mayi a Tadala ananditsekereza pakhomo. "Bambo a Tadala, zotchipazi zidzakuphani. Chiliza cha munthu chilowe m'nyumba muno?" Mwalawo unatsala pakhonde.

Mawa lake masana ndinapeza Tadala, mwana wathu wobadwira konkuno, atakhala pambali pa mwalawo, chala chikuyenda m'timizere tija, milomo ikugwedezeka koma mawu osatuluka. Pomwepo foni inalira, mlongo wanga wa ku Ntcheu. Ndinampatsira mwanayo.

"Wawa aNaphiri! Mwaswera bwanji?"

"Poa, anti," anayankha Tadala m'Chiswahili.

Nditailandiranso foniyo ndinamva kuti, "Achimwene, mwandipatsa mwana wa ndani? Ine ndimafuna Tadala."

Sikunali kunyoza ayi. Sanamuzindikiredi.

Ife ochokera kwathu, a m'maofesi a ku Upper Hill mumzinda uno, timanyadira ana athu akamathyola Chingerezi ndi Chiswahili. Chichewa timachisungira miseche ya akuluakulu ndi kukalipa. Timati adzaphunzira akadzapita kutchuthi. Kodi anthu a mfumu ija sankatero? Nawonso anali ndi ana, ankaseka nawo, ankawatuma madzi. Lero dzina la mbuye wawo mwina lili pomwepo pamwala, likutiyang'ana, koma palibe pakamwa poti lilitchule. Madzi akatayika saoleka.

Tonsefe timalumbira kuti mafupa athu sadzagona kuno. Chabwino. Akadzatitsitsa m'ndege, akadzamanga chiliza n'kulembapo mfunda wathu ndi mawu otsanzika, mwana wanu adzagwira mkono wa ndani kuti amuwerengere?