Mpira Wagolide wa ku Yofu ndi Chipewa Changa

Amene mwandiona sabata ino ndikuyenda dazi lili pamtunda, lekani kunong'onezana. Sindinapenge. Chipewa changa sichinagwere m'nyanja. Chili m'kabati mwa amake Petro, ndipo ndikuuzani mmene chinalowera.

Zinayambira ku Chipyela, pa chilumba chathu chino cha Likoma. Anyamata a timu yathu ya ku Yofu anakaonera pa kanema mwambo uja umachitika kunja chaka ndi chaka, wopereka mphoto kwa osewera mpira ndi makochi amene aposa anzawo pa dziko lonse. Ine sindinapiteko. Ndinangomva. Akuti anthu amavala masuti akuda ngati pa maliro a munthu wolemera. Wina amang'amba envulopu n'kutchula dzina. Wopambanayo amalandira mpira wagolide, n'kulira pang'ono, n'kuthokoza amake.

Anyamata athu anabwerako mitu itazungulira.

Barnaba, kochi wa timuyi, mwana wa malemu mnzanga, anafika pakhomo panga.

"Agogo, nafenso tikufuna kuchita zathu. Wosewera wa chaka, kochi wa chaka. Inu mukhala mlendo wolemekezeka."

"Mlendo? Ine ndinabadwira pano bambo ako asanamere mano."

"Ndi mmene amanenera, agogo."

"Ndikakhala pa mpando kapena pa mwala?"

"Pa mpando."

Ndinavomera. Ndinavomera chifukwa ndine woyenera. Ndinasewera kumbuyo m'timu ya Yofu, wopanda nsapato, pa bwalo la miyala lomweli, ndipo wosewera wa timu ya ku Khuyu amene anandidutsa ankakafotokozera kwawo akutsimphina. Mphoto sitinkaidziwa. Tinkalandira mabala.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, anthu anasonkhana pansi pa mlambe wa pafupi ndi bwalo. Ndinavala jekete ndi chipewa changa chotuwa, cha nthenga pambali, chimene ndinagula ku Bulawayo pamene ndinkagwira ntchito pa njanji. Chipewa chimenecho ndinakwatira nacho. Sichinagonepo kunja kwa nyumba yanga.

Barnaba anang'amba envulopu monga anaonera pa kanema. Mkati munalibe kanthu. Anati envulopu ndi mwambo chabe, kusankha kwenikweni kukhala kwa kuwomba m'manja.

Anatchula Lazaro, goloboyi wathu. M'manja munamveka mwa anthu ochepa. Abale a Lazaro ambiri ali kutsidya, ku Mozambiki, ndipo m'manja mwa kutsidya simumveka kuno. Anatchula Petro, womwetsa zigoli. Petro ali ndi azakhali, asuweni ndi alongo odzaza theka la kwaya, anthu odziwa kuwomba m'manja kuyambira ali ana. Mbalame zinathawa mumlambe. Petro anapambana.

Kochi wa chaka anakhala Barnaba. Pa Yofu kochi alipo mmodzi. Mphoto yake inali wezulo. Anaivula m'khosi mwake, anandipatsa, ine n'kumubwezera. Analira.

Kenaka anabweretsa mbale yovundikira ndi chitenje. Atavundukula, anthu anati aaa! Mpira wagolide, ukung'anima padzuwa. Sindinama, unali wokongola. Mtima unandikwera, pakamwa panatseguka kuposa muyeso. Ndinaunyamula n'kunena mokweza kuti: "Petro, mpira uwu ndi wako ndi a pabanja pako mpaka kalekale. Wina asadzakulande."

Mawu amenewo muwasunge. Amake Petro anawasunga.

Nditaupereka, manja anga anatsala akunata. Ndinafunsa Barnaba kuti golide wa mtundu wanji ameneyu. Anati ndi penti yotsala kwa munthu wolemba mayina pa ziliza. Inali yochepa, ndiye kuti ikwane mpira wonse anathiramo mafuta ophikira. Aliyense amene anapentapo boti akudziwa kuti penti yotero siuma. Barnaba sanapentepo boti.

Lolemba anyamata anakumana pa bwalo kuti akonzekere masewero a Loweruka ndi timu ya ku Khuyu. Anathamanga, anadziwongola, anaima mozungulira kochi wa chaka. Wina anafunsa: "Mpira uli kuti?"



Timu ya Yofu ili ndi mpira umodzi. Mpira umenewo ndi umene anaupenta.

Lamulo la pachilumba pano mukulidziwa: eni bwalo ndiwo amapereka mpira. Mpira ukasowa, alendo amatenga mapointi osatuluka thukuta. M'masitolo a ku Chipyela munali timipira ta pulasitiki ta ana. Weniweni amabwera ndi sitima ya panyanja kuchokera kumtunda, ndipo mpira woyitanitsa sukanafika Loweruka lisanakwane. A timu ya ku Chipyela anati wawo ali nawo ntchito tsiku lomwelo. Chiyambire mpira pa Yofu, sitinapatsepo Khuyu mapointi a ulere. Kugonja tinagonjapo. Koma kugonja utakhala pansi? Ayi.

Nkhani pa Likoma imayenda kuposa mwini wake. Lachitatu mlamu wanga a Filipo, mchimwene wa mkazi wanga, anayenda wapansi kuchokera ku Khuyu ndi bondo lawo lovuta lija. Anati abwera kudzaona mlongo wawo. Mlongo wawoyo sanamuyang'ane n'komwe.

"Alamu, ndamva kuti mwalemera kuno. Golide mpaka womenya ndi mapazi! Nanga Loweruka tibwere ndi jezi, kapena tingobwera ndi dengu lotengera mapointi?"

"Mubwere ndi machira," ndinatero.

"Tsabola wakale sawawa, alamu."

Anamwa tiyi wanga, anadya chinangwa changa, n'kumapita akuseka njira yonse.

Barnaba anali atapita kale kwa amake Petro kukapempha mpira, n'kubwerako akuthamanga. Ndinaona kuti zafika pofuna munthu wamkulu. Ndinavala chipewa n'kupita ndekha.

Amake Petro ndi mayi wamasiye. Malemu amuna awo anagwira ntchito ku Joni, ndipo anasiya kabati ya galasi yodzaza mbale zamaluwa zimene munthu sanadyerepo. Pakati pa mbalezo, pa shelefu ya pamwamba, panali mpira wathu, utakhala pa mbale yake ngati mfumukazi.

Anandipatsa mpando mwaulemu. Tinalonjerana. Ndinanena chimene ndabwerera.

"Agogo, kodi munati mpirawu ndi wa ndani?"

"Wa Petro."

"Mpaka liti?"

Ndinayang'ana kudenga.

"Ine ndinamva kuti mpaka kalekale. Anthu onse anamva. Kapena kalekale wa masiku ano amatha Lachinayi?"

"Amake Petro, mpira ndi womenya."

"Aja a pa kanema amaumenya wawo? Petro wandiuza kuti amausunga m'nyumba. Mwana wanga chibadwire sanalandirepo kanthu pagulu. Ku sukulu ankalandira zikwapu basi. Lero walandira, mukuti abweze?"

Apo anandigwira. Ine sindibweza mawu anga. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma chimenecho ndinachiphunzira bwino. Ndinati sindikulanda, ndikubwereka. Tikasewera Loweruka, madzulo mpira ubwerera.

"Wobwereka amasiya chikole, agogo."

"Mawu anga sakukwana?"

"Mawu anu ndi amene atifikitsa pano."

Maso awo anali pa bondo langa, pamene ndinaika chipewa. Ndinayesa kutchula wotchi. Anati wotchiyo siyenda, Yofu yense akudziwa. Ndinayesa ndodo. Anati nanga mubwerera bwanji. Ndinaganiza za a Filipo ndi dengu lawo. Ndinapereka chipewa. Anachiika pa mbale pamene panali mpira, n'kutseka kabati ndi kiyi.

"Mundibwezere mpira wanga wagolide monga ulili," anatero. "Ndipo muwauze anyamatawo asamaumenye kwambiri."

Ndinatuluka nditanyamula mpira m'chitenje, dzuwa likundiwotcha pamene silinafikepo chichokere ku Bulawayo.

Loweruka a ku Khuyu anafika akuyimba. A Filipo anabweradi ndi dengu. Ataona mpira ukung'anima pakati pa bwalo, nyimbo inazilala. Woyimbira masewero anautola, anaufinya, anati mpweya ulimo, lamulo silinena za mtundu. Anapukuta manja pa kabudula n'kuliza wezulo.

Zimene zinachitika sindinazionepo chibadwire. Aliyense wokhudza mpira ankatsala ndi chizindikiro. Womenya ndi mutu, golide pamphumi. Woimitsa ndi chifuwa, golide pa jezi. Mchenga unamatirira, mpira unalemera, koma masewero anapitirira.

A ku Khuyu anatipanikiza, zoona zinenedwe. Mpira unkangokhalira kugolo kwathu. Lazaro anaugwira m'mwamba, anaugwira pansi, anauletsa ndi nkhope, anaugonera pamiyala. Anyamata a kumbuyo ankaumenya ndi mitu mpaka anafanana ndi ziliza zatsopano. Petro anali kutsogolo, manja m'chiuno, jezi ili mbee ngati akupita ku ubatizo. Azakhali ake ankaimba dzina lake.

Masewero ali pafupi kutha, Lazaro anaumenya mpira kutali. Unadunda pamwala, unapusitsa wa kumbuyo wa Khuyu, n'kugwera pamaso pa Petro. Petro anaugunda ndi chala cha phazi. Chigoli.

Tinapambana. A Filipo anabwerera ndi dengu lopanda kanthu, ndipo ndinawafunsa ngati akufuna kuti tiwathiriremo mchenga.

Anthu anamunyamula Petro pamapewa. Ndinamuyang'ana bwinobwino. Thupi lonse loyera, kadontho ka golide kamodzi pa nsonga ya nsapato. Ndinayang'ana Lazaro. Golide kuyambira kutsitsi mpaka m'mawondo, chigongono chikutuluka magazi. Anakhala yekha pansi pa golo akuchotsa timiyala m'manja.

Musandimve molakwa. Chigoli ndi chigoli, ndipo Petro anachita ntchito yake. Pali ena amene mpira womwewo akanauponya mumlambe. Koma tsiku limenelo penti inanena zimene m'manja simunena.

Ndafunsa anyamata oonera kanema. Akuti nakonso kunjako mphoto yaikulu ija nthawi zambiri imapita kwa omwetsa zigoli. Magoloboyi anawapangira yawo yapambali, ngati mwana wopeza amene amamupakulira payekha. Nanga a kumbuyo? Amawakumbukira mwa apo ndi apo, kawirikawiri timu ikagonja, pofuna womunena.

Ndipo tisaloze kunja kokha. Ifenso ndi otero.

Pa maliro timathokoza ndani? Uja watsika sitima ndi suti, n'kulankhula mawu okoma pamanda. Amene aswa miyala ya pachilumba chino kuyambira m'mawa kuti dzenje lipezeke timangowatcha adzukulu, mayina alibe. Usipa ukagwidwa wambiri timati mwini boti ali ndi mwayi. Okoka khoka, amene manja awo anasanduka chikopa cha ng'ona, ali ndi chiyani? Pa ukwati wolengeza pa chimkuzamawu amatchuka mudzi wonse. Amayi amene atunga madzi ndi kupsa ndi moto kuseri amadya zotsala ataimirira.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe, timatero. Koma pogawa ulemu timafunafuna chala chimene chinali pamwamba.

Tsono ndili ndi malangizo kwa akuluakulu a mpira kunjako, ngati nyuzi ino imafika kwawo. Lekani maenvulopu. Itanani Barnaba. Abwere ndi penti ya ziliza ndi botolo la mafuta ophikira. Pentani mpira, aseweretseni, pomaliza muwaimike pamzere. Amene akung'anima kwambiri, ameneyo ndiye wanu. Masuti asungeni, mudzapite nawo ku maliro.

Madzulo a Loweruka lomwelo ndinanyamula mpira kubwerera nawo kwa amake Petro. Ndinauvundukula. Golide yense anali atapita ndi anthu. Unatsala mpira wathu wakale uja, wotuwa, wa chigamba pambali.

Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani, agogo?"

"Mpira wanu."

"Wanga ndi wagolide."

"Ndi womwewu. Golide ali pa Lazaro."

"Ndiye mundibweretsere Lazaro ndimuike m'kabati?"

Ndinati Barnaba aupentanso. Amake Petro anati wolemba ziliza penti inamuthera, anamufunsa kale. Anati chinthu chakuda chotero sichingakhale pakati pa mbale za malemu amuna awo. Anati ndichitenge, ndipo tsiku limene ndidzabweretse wagolide, chipewa ndidzachipeza chili bwinobwino, chopanda fumbi.

Ndikanatha kukalipa. Ndikanatha kuitana akuluakulu a mpingo. Koma pangano linali lakuti ndibweze monga unalili, ndipo ndinavomera ndi pakamwa panga. Ndinaimirira n'kutsanzika.

Mpira uli ndi timu tsopano. Ndinaupereka kwa Lazaro kuti azisunga iye, ndipo ndinamuuza Barnaba kuti akadzaufikanso ndi burashi, wezulo ija adzaimeza. Petro akadali wosewera wa chaka. Akazi a Lazaro akuchapabe jezi.

Dzulo ndinadutsa kwa amake Petro. Chitseko chinali chotsegula, ndipo azimayi a kwaya anaima patsogolo pa kabati akusirira. Chipewa changa chili pa shelefu ya pamwamba, pa mbale yamaluwa, nthenga ili chilili. Sichinamenyepo mpira. Sichinatulukepo thukuta lakelake. Chili pamthunzi, anthu akuchiwombera m'manja, pamene mutu umene unachinyamula zaka zonsezi ukupsa ndi dzuwa pamsewu.

Inu amene mumaonera miyambo ya mphotoyi pa kanema, tandiuzani: kunjako zimayenda mosiyana?