Diso lako loyera pa foto ija

Zefa mwana wanga, mawa zikwana zaka ziwiri chichokere iwe. Ukukumbuka tsiku lija ku Cassacatiza, amalume ako atakujambula ndi telefoni utavala diresi yako ya Natale, ya pa Khirisimasi ija? Pa foto diso lako lakumanzere linatuluka loyera mbuu. Amalume anaseka, amvekere, "Mlongo, wabala mphaka iwe!" Nanenso ndinaseka. Tinapukuta galasi la telefoni ndi chitenje, tikuti ndi fumbi la malole. Sitinadziwe kuti chinali chotupa m'kati mwa diso, chomwe chinadzakutenga.

Dzulo ku chipatala cha Mualadzi kunabwera adotolo ndi kamakina kowala kojambula m'kati mwa diso. Anaunika mlongo wako Mateyu, amene sunamuone. Akuti m'diso mwake muli kadontho, koma mwayi wake taona msanga. Ndinafunsa za mankhwala. Akuti atsopano alipo kunja, koma amene anawatulukira ali ndi chikalata choletsa ena kuwapanga, ndiye kuno sanafike, tiyambe ndi omwe ali ku Tete. Kani mankhwala a mwana amakhalanso ndi mwini wake, Zefa? Ine sindikumvetsa, sukulu ndinalekera kalasi yachisanu. Ndikuopa, mwanawe. Koma abambo ako apopa kale njinga, Lolemba tikakwera chapa kumsewu, minibasi yopita ku Tete. Iwe sitinapite nawe nthawi ilipo. Uyu ndipita naye.