Sitima ndi Kaudzudzu

Ndikukumbukira chaka chimene mkulu wanga Esnati ankakwatiwa. Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Kafue Estates, ndipo ndinalowa kwaya ya ana kutchalitchi ndi cholinga chimodzi basi: kudzamuimbira pa ukwati wake. Ndinali nditamulonjeza kale.

Wotiphunzitsa anali ba Mwanza, amene ankabwera kuchokera kuntchito kufakitale ya feteleza, ovolosi ili m'thupi. Nyimbo ya ukwatiyo inali ndi pena pamene mawu ankakwera. Tikafika pamenepo ankandiloza.

"Iwe Tiza, kweza!"

Ine ndinkakweza ngati mmene tinkakwezera wailesi kunyumba. Ndinkakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, anzanga n'kumatseka makutu. Sabata ya ukwati itafika, ba Mwanza anatopa nane.

"Pa ukwati uzaimilira kumbuyo, uziyendesa chabe milomo."

Zinandiwawa koopsa. Anzanga atapita ndinatsala pabenchi ndikulira. Ba Mwanza akutseka mawindo, sitima ya katundu inalira kunjanji. Kaudzudzu nako kanali kundizungulira pakhutu, pajatu udzudzu wa ku Kafue sudikira mdima.

"Koma ba Mwanza, ine nimakweza kupambana bonse," ndinatero.

Anandiyang'ana, kenako anagwira pamutu. "Aa! Kansi ndiye mwamene umamvelela?" Anakhala pambali panga. "Sitima ija na ka udzudzu aka, ali na mawu yakulu nindani?"

"Sitima."

"Nanga ali pamwamba nindani?"

Ndinatchera khutu. Sitima inali buuu, pansi penipeni. Kaudzudzu kanali nyiii, pamwamba, chonsecho munthu ali pakhomo sakanakamva.

"Nikakamba ati kweza, nifuna udzudzu, osati sitima."

Anandiuza kuti kukula kwa mawu n'kwina, kukwera kwake n'kwinanso. Kenako anaimba do, re, mi chapansipansi, mawu akukwera ngati masitepe koma osakula, ine ndikutsatira.

Tsiku la ukwati ndinaima kutsogolo. Titafika pokwera paja ndinakwera bwinobwino, osakuwa. Esnati anatembenuka, natukula velo pang'ono kuti aone ngati ndinalidi ine.

Lero ndili ndi ana anga. Mwana akamalakwitsa chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza, ndisanamukalipire ndimayamba ndamufunsa kuti wamva chiyani. Pang'onong'ono ndikanakula ndikukhulupirira kuti ndilibe mawu, chonsecho vuto linali liwu limodzi lokha limene ine ndi ba Mwanza tinkalimva mosiyana.