Womvera ndi Nkhutukumve

Nditasiya sukulu ndili Folomu 2, ndinakakhala kwa achemwali anga pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Chimene ndinasiyira musandifunse, n'chomwecho chimene chinachotsa anzanga ambiri chaka chotsatira njala ija. Nyumbayo inali ya kampani, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Anapatsidwa amuna awo a achemwali, alamu anga, chifukwa anali otchola tiyi, ndipo lamulo lake aliyense ankalidziwa: munthu akasiya kuoneka kumunda, makiyi amabwerera ku ofesi. Tinalimo alamu, achemwali, ana awo awiri, ndi ine wongodya.

Masana ndinalibe kopita, choncho ndinkakhala pa shedi ya amalume, amene ankakonza njinga pa kamsika ka kunja kwa geti la esiteti. Akabaza a ku Khonjeni ndi ku Goliati ankasenzetsa njinga nthochi ndi matumba mpaka felemu kuthyoka pakati, ndiye kuseri kwa shedi kunali mulu wa magudumu amasiye. Tsiku lina amalume anaona pa kanema wa pamsika mzungu akuyenda pa gudumu limodzi la chishalo. Anapanga lawo. Foloko yonyamula chishalo sinachedwe kuthyoka. Iwo anaitaya n'kupitiriza kukwera gudumulo, lopanda pokhala, lopanda pogwira. Munthu wa imvi, dikoni mu mpingo wopembedza Loweruka, ataimirira pa gudumu manja ali m'mwamba ngati walowa m'madzi ozizira. Tsiku loyamba kuwaona ndinayesa apenga.

Magudumu otere anapanga awiri, ndipo sanali ofanana.

Loyamba anachotsa masipoko onse, mu limu, chitsulo chogwira tayala chija, n'kulowetsamo thabwa lozungulira. Pathabwapo anamangapo mapedulo, lina mbali iyi m'mwamba, lina mbali inayo m'munsi. Ukaponda limayenda. Ukalimbitsa mwendo wotsalira limachepetsa liwiro. Tayala lake limakupala m'miyendo mpaka kusupula khungu, koma limamva zimene mapazi akunena. Ili analitcha Womvera.

Lachiwiri linali gudumu lakutsogolo la njinga, masipoko ake ali momwemo, habu wodzaza girisi. Kumapeto kwa ekiselo, kachitsulo kopyola pakati pa gudumu, anamangako tizitsulo tiwiri tolendewera, n'kuikapo mapedulo akale ongopondapo, onse awiri m'munsi, molingana. Pamenepo phazi silipalasa kanthu. Gudumu limazungulira lokha pakati pa miyendo, iwe wangoima. Umalikankha, umalumphirapo, ndipo kuchokera apo wolamula ndi msewu. Ili linali Nkhutukumve. Amalume ankalikwera pa bwalo la mpira pokha, pamene nthaka imatsika pang'ono n'kukathera mu udzu.

Anthu sankafuna kumva za mayinawa. Amayi ogulitsa tomato ankati njinga zamaliseche, ena onse ankangoti chigudumu. Amalume ankawawongolera mofatsa, kuwaonetsa pamene pedulo lakhala. Ine ndinalibe mtima umenewo. Ndinkangowauza kuti aone ndi maso, si kuti zinthuzo zabisidwa m'thumba.

Alamu anga anali munthu wa manja ofulumira kumunda ndi pakamwa pofulumira kuposa pamenepo. Anayamba kuphunzira Womvera madzulo akaweruka, atavala magambutsi kuti tayala lisawasupule. Anagwa, anadzuka, anagwanso, ndipo pofika nthawi ya mvula ankatha kuzungulira bwalo la mpira lonse. Sindiwamana ulemu umenewo, analidziwadi. Nkhutukumve sanalikwerepo. Amalume atawauza kuti limenelo ndi lina, iwo anaseka n'kunena kuti ndi lomwelo, kungoti amalume anachita ulesi osalimaliza.

Amalume dzuwa likalowa Lachisanu sankagwiranso sipanala, ngakhale ntchito itatsala ya nati imodzi. Lachisanu lina anamasula pedulo la Womvera kuti asinthe, dzuwa linawalowera, anaika zonse m'shedi n'kutseka. Nkhutukumve linkakhala panja, lokolekedwa pa nthambi ya mango, poti palibe wakuba amene akanadziwa chochita nalo.

Loweruka masana, anthu ataweruka, alamu anakhala ndi anzawo pafupi ndi pa sikelo, pamene amayezera tiyi. Anali atalawako pang'ono, osati kwambiri. Ndinamva pambuyo pake kuti mlonda wina wa ku Changata anawanyoza kuti kuzungulira pabwalo ngakhale mbuzi ingathe, mwamuna weniweni atsike nalo mtunda wa ku mlatho. Alamu anati akatenge chigudumucho. Mlondayo anapita, anapeza shedi yotseka, anaona gudumu pa mango, anabwera nalo.

Ine ndinali pamsika. Nditaona mlonda akuligudubuza kulowera ku geti ndinamutsatira, ndipo ndinapeza anthu ataunjikana kale pamwamba pa mtunda. Msewu umenewo ndi wa dothi lofiira, thilakitala yodzaza tiyi imatsikapo ikulira. Uku ndi uku tiyi wofika m'chiuno, kumanzere ngalande yowaka ndi miyala, pansi pake mlatho wa matabwa.

Ndinawauza alamu kuti limenelo ndi Nkhutukumve, si limene anaphunzira. Ndinawaonetsa mapedulo, ndinazunguza gudumu ndi dzanja kuti aone kuti mapedulo sakusuntha. Ndinati palibe poimitsira.

Analiyang'ana. Ndikukhulupirira kuti anaona kusiyanako. Koma anthu anali pamenepo, akazi ena atatula madengu kuti aonerere.

"Mlamu, iwe sukulu inakukana, lero ukufuna kukhala aphunzitsi a magudumu?" anatero. "Ili ndiye losavuta. Palibe kupalasa, n'kungoima. Ngakhale achemwali ako angatsike nalo ali ndi mwana kumbuyo."

Anthu anaseka. Ndinagwira gudumulo, mlonda anandikankha pachifuwa n'kunena kuti ndisiye akuluakulu acheze. Amuna awiri anaimirira uku ndi uku, alamu anagwira mapewa awo n'kuponda mapedulo. Anati awasiye. Anawasiya.

Poyamba zinali zokongola, ndinene zoona. Anatsika ali chilili, malaya akuuluka, anthu akuimba m'manja. Kenaka liwiro linakwera, ndipo ndinaona mwendo wawo wakumanja ukukankha pansi, ukufuna pedulo lobwerera m'mwamba monga anazolowera pa Womvera. Panalibe chobwerera. Anakankhanso. Gudumu linapendekera kumanzere, tayala linawamenya m'kati mwa bondo, ndipo munthu ndi gudumu analowa m'ngalande muja.

Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu wathyola chinangwa chouma. M'manja munaleka. Gudumu linatuluka m'ngalande lokha, linapitiriza kutsika, linawoloka mlatho n'kukagona mu tiyi kutsidya.

Ndinafika ndine woyamba. Alamu sankalira. Ankayang'ana mwendo wawo, umene kuyambira pabondo unaloza kumene mwendo suloza, gambutsi lili chagada. Anandifunsa ngati unali wawo. Ndinasanza m'mbali mwa msewu, pamaso pa anthu onse aja.

Wina anathamangira ku tchalitchi. Amalume anabwera ali mu suti yawo ya pa Sabata, sanafunse kuti watenga gudumu ndani. Anavula jekete, anamanga mwendowo ku nthambi ziwiri za bulugamu, ndipo tinawanyamula pa chitseko mpaka ku msewu waukulu kumene tinapeza matola. Njira yonse amalume ankangonena motsitsa kuti gudumulo akanalitsekera m'shedi. Mlonda uja sindinamuonenso tsiku limenelo.

Kuchipatala anati bondo laphwanyika, ndipo munthuyo ayenda, koma za kuima tsiku lonse pa phiri atabereka dengu aiwale. Achemwali anatsala komweko kudikirira matenda, kuphikira amuna awo ku khitchini ya odikirira, wakhanda ali kumbuyo. Ine ndinabwerera ndi mwana wamkuluyo.

Lolemba m'mawa akapitawo anafika pakhomo. Sanali munthu woipa, anayamba n'kufunsa za odwala. Kenaka anati ngoziyi sinachitikire pa ntchito, kampani ilibemo mbali, ndipo ino ndi nthawi ya mvula, tiyi akuphukira usiku umodzi, mzere wa alamu sungadikire. Pali anthu ku geti amene akufuna ntchito ndi nyumba yomwe. Ndinafunsa kuti ana awa akagona kuti. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Nyumba imafuna munthu kumunda. Sinanene kuti akhale ndani. Iwe manja uli nawo?"

Ndinkadana ndi tiyi. Ndinakula ndikuona anthu akulowa m'mizere ija ali achinyamata n'kutulukamo atapindika msana, ndipo ndinkati ine Folomu 2 yangayo indipititsa kwina, kaya ku Limbe, kaya kuti. M'mawa mwake ndinamanga pulasitiki ya alamu yotchingira mame m'chiuno, ndinabereka dengu lawo. Mame anali ozizira ngati mpeni. Pofika masana zala zinali zitang'ambika, ndipo dengu langa linali lopepuka kuposa la amayi okalamba a mzere woyandikana nawo. Akapitawo anayang'ana kumbali. Nyumba inalembedwa dzina langa.

Alamu anatuluka m'chipatala mvula itatha, mwendo uli wowuma ngati mtengo, akuyenda ndi ndodo ziwiri. Sankalankhula zambiri. Tsiku lina ndikuchokera kumunda, matope mpaka m'mawondo, ndinawapeza ataima pakhomo, m'manja muli msomali ndi mwala. Achemwali anati akhala akundidikira kuyambira masana.

"Alamu," anandiitana motero alamu angawo, "ndimati ndikhome kamsomali apa, pokoleka ndodozi. Kaya mulola?"

Ndinaima pamenepo dengu lili kumsana. Kenaka ndinawalanda mwalawo n'kukhoma ndekha.