Namkungwi Amene Anagoneka Ng'oma

A Ottilia sakhala pansi. Mukawapatsa mpando amakhalira cham'mphepete, phazi limodzi lili kale panjira, ndipo madzi amamwa choimirira. M'midzi yathu ya kuseri kwa Mkaika aliyense amawadziwa. Ndiwo namkungwi, mlangizi wa atsikana akatha msinkhu, ndipo ntchitoyi aigwira zaka zoposa makumi awiri. Lachitatu amathandizanso kukweza ana pasikelo ku kiliniki. Ine sindinkawakonda, ndinene zoona. Ndinkati ndi mayi wajijirijijiri, wokonda kulowerera za eni.

Ine ndine Hilda, mayi wake wa Winfrida. Mwana wangayu mudzi wonse unkamutama kuti waulemu ngati iye kulibe. Wamkulu akamalankhula naye, maso pansi. Sabweza mawu, sasekaseka, sayendayenda ndi anzake. Loweruka lililonse ndinkamutuma kuchigayo, kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankasenza thumba osanyinyirika. Akabwerako ankapita kuseri kwa nkhokwe, n'kukhala pamenepo akugwedezeka uku ndi uku mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkati ndi kutopa. Sukulu analekera giredi faifi, aphunzitsi atanena kuti za m'kalasi sizilowa koma kufatsa kokha ndiye wafatsa. Ndipo ine, chitsiru ine, ndinkanyadira kufatsako.

Chaka chatha, titatha kukumba mtedza, Winfrida anakula. Analowa m'tsimba, nyumba ya chinamwali, pamodzi ndi anzake atatu. Tsiku loyamba masana amayi anadzaza nyumbayo, chitseko chotseka, a Bridget, mkulu wa oimba, atakhalira ng'oma yawo yaikulu. Ng'oma zitangolira, mwana wanga anakuwa kukuwa komwe sindinakumvepo chimuberekereni. Anatseka makutu, anadzigwetsa pansi, nayamba kumenyetsa mutu kuchipupa. Ine ndinamudzutsa n'kumuwomba mbama ziwiri pamaso pa anthu. Chimene chinandigwira nthawi imeneyo sichinali chisoni, anali manyazi.

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira mudzi. Ena ankati ndi mwano umene unabisala, ena ankati mizimu, koma ambiri ankati misala. A Enock, alongo anga, amene ndi mwini mbumba, anagamula ataima pabwalo: mwanayo achoke m'tsimba, atsekeredwe m'nyumba, akavuta amangidwe, kenako apite naye kwa sing'anga kumalire. Ndinadziwa tanthauzo lake. Mtsikana wochotsedwa m'tsimba mwambo usanathe satulutsidwa pamaso pa anthu. Pamaliro sakhala ndi amayi anzake, pamsonkhano sawerengedwa, ndipo dzina lake limasanduka "wamisala uja wa kwa a Hilda" mpaka kumanda.

A Ottilia anaima pakhomo la tsimba, manja m'chiuno.

"A Enock, mwana akalowa umu ndi wanga mpaka nditamutulutsa ndekha. Mwambo umatero, ndipo inu mukuudziwa. Mukamufuna, lowani mumutenge."

Mwamuna salowa m'tsimba. A Enock anayang'ana chitsekocho.

"Ndakupatsani masiku anayi," anatero. "Akakuwanso, ndibwera ndi chingwe."

M'mawa mwake a Ottilia anamufunditsa Winfrida chitenje kuyambira kumutu, monga ayendera namwali akatuluka panja, tonse atatu n'kuyamba ulendo wa kuchipatala ku Katete. Ndinadabwa kuona kuti m'chitenje muja mwana anali phee. Tikudikira galimoto pamsewu, a Ottilia ankangopita uku n'kubwerera, mpaka ndinapsa mtima.

"Khalani pansi, mayi, mukundizunguza mutu."

"Sinditha," anandiyankha. "Ndinali ndi mlongo wanga wamng'ono, Ezara. Nayenso ankatseka makutu chonchi. Nyengo yothyola thonje panalibe womuyang'anira, ndiye tinkamumangirira kumtengo wa mango tisanapite kumunda. Womanga ndinali ine, chifukwa ndinkadziwa mfundo yosamasuka. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku lina moto wolusa unafika pamudzi tonse tili kumunda."

Galimoto itabwera tinakwera.

Kuchipatala tinaonana ndi anesi oona za matenda a maganizo. Anafunsa mafunso ambirimbiri, ena kwa ine, ena kwa Winfrida mwini wake, motsitsa mawu, osamukakamiza kuwayang'ana. Pomaliza anati akuganiza kuti ndi chimene amachitcha otizimu, ndipo tidzabwerenso kuti akamuone bwino. Anati si misala, si kulodzedwa, ndipo palibe mankhwala ochichotsa chifukwa ndi mmene mwanayo anabadwira. Phokoso limamupweteka monga moto upwetekera ife. Kuyang'ana pansi kuja, anati, si ulemu wokha ayi, maso a anthu amamulemera.

Ndinakwiya. Sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani, koma ndinatuluka osatsazika.

Titafika kumudzi, a Ottilia anapempha nyumba yachiwiri. Atsikana atatu aja anawasamutsira kumeneko, kumapeto kwa mudzi, kuti alandire mwambo wawo ndi ng'oma zonse. M'tsimba la Winfrida anagoneka ng'oma imene inatsala, naifunditsa mphasa. A Bridget anachita kulavula.

"Chinamwali chopanda ng'oma? Umenewo ndi msonkhano wa feteleza, a Ottilia."

Amayi anaseka, ndipo theka la iwo linatsatira a Bridget. Masiku atatu otsatira a Ottilia anawathera panjira, kuthamangira uku kukavinitsa, kubwerera kuno kudzanong'ona. Anaika lamulo: alankhule mayi mmodzi yekha, nyimbo aziimba chapansipansi, ndipo wofuna kumugwira mwana ayambe wamuuza. Ine ndinkakhala pakhomo mtima uli m'mwamba, khutu lili kuchitseko, maso ali kunjira ya kwa a Enock. Nkhuku ikalira ndinkadzidzimuka.

Tsiku lachitatu a Bridget analowa kudzaona chomwe ankachitcha masewera. Anayamba nyimbo ina ya mwambo mwachipongwe, nadumpha ndime. Winfrida, maso ali pansi, anati, "Mwasiya pakati." Ndipo anaiimba yonse, kenako inanso, mpaka nyimbo zonse zimene anamva masiku atatuwo, m'ndondomeko yake, osaphonya liwu. A Bridget anakhala pansi pang'onopang'ono. Sanapepese, mayi uja sapepesa, koma sanabwererenso kunyumba ina ija tsiku limenelo.

Tsiku lotulutsa anamwali, atatu aja anatuluka ndi ng'oma ndi nthungululu, Winfrida akadali m'nyumba, thonje lili m'makutu. Zitatha, a Ottilia anazungulira bwalo lonse, munthu mmodzimmodzi, kupempha kuti pasakhale nthungululu, ndipo wina akaseka ankaima pamaso pake mpaka aleke. Sindinaonepo khamu lotere lili chete. Mwana wanga anatuluka, nakhala pamphasa pambali pa anzake. Anthu anabwera kudzaika mphatso mwakachetechete. A Enock anabwera pomalizira, naika chitenje chatsopano, n'kuchoka osayang'ana munthu.

A Ottilia zinawaipira. Midzi iwiri inaleka kuwaitana, ati anaononga mwambo. Iwo alibe nazo ntchito. Masiku ano akamaliza sikelo amalowa m'makomo kufunsa ngati pali mwana amene anthu amamutama ulemu kwambiri, kapena amene amabisidwa alendo akabwera. Ena amawathamangitsa. Mwezi watha anafika mpaka ku Sinda panjinga yobwereka.

Loweruka lotsatira mwambo uja, ndinathira chimanga m'thumba monga mwa masiku onse. Ndiye ndinakumbukira zimene anesi anandiuza, kuti ndizimufunsa mwana n'kudikira yankho. Ndinakhala pambali pake, osamuyang'ana kumaso.

"Winfrida, ng'oma zija zinkakutani?"

Ndinadikira yankho monga anandiuzira anesi.

"Zimalasa m'mutu," anatero. "Ngati kuchigayo."

"Kuchigayo? Zaka zonsezi? Bwanji sunanene, mwanawe?"

"Munkati pita."

Anali atapinda kale nkhata yake kuti asenze. Ndinamuuza kuti ndikufuna kugwira dzanja lake, anavomera ndi mutu, ndipo ndinatenga nkhatayo. Thumba lija ndinasenza ndine, ndipo ndinalira njira yonse mpaka kuchigayo.